Ankhoswe a Mkamwini Wopanda Kwawo

Margreth, mwana wanga mmodzi yekhayo, anandiuza tili m'basi ya ku Mirrabooka kuti wapeza mwamuna. Mmereka, dzina lake Bennett, wa ku ofesi ya kazembe, ndipo Janyuwale amutumiza dziko lina. Ndinalusa mpaka tinapitirira siteji yathu. Bambo ake a Margreth, malemu a Jailos, anatibweretsa kuno kutsidya kwa nyanja kudzagwira unesi, n'kugona m'manda a eni. Tsopano nayenso andisiye?

Loweruka mnyamatayo anabwera. Ndinali nditakonzeka kumuthamangitsa, koma anati "Odi!" pakhomo, n'kundipatsa moni ndi manja awiri. Anali ndi mayi wina wa imvi.

"Amayi, awa ndi a Joan, abwana anga. Ndi ankhoswe anga."

Mzungu wodziwa za ankhoswe! Ndinati ndiyambe ndamumva.

"Kwanu n'kuti, bambo?"

"Funso limenelo limandivuta, amayi. Ndinabadwira ku Manila, bambo anga anali a ntchito yomweyi. Sukulu ndinaphunzira ku Cairo. Ntchito ndinayambira ku Lusaka, pawindo la maviza. Kenako ku Lilongwe, n'kumene ndinatola Chichewa."

"Ndiye ndinu mumakaniza anthu maviza?"

"Ena ndinkawapatsa," anatero akuseka.

"Nanga kuno mumatani?"

"Mmereka akataya pasipoti amabwera kwa ine. Akamangidwa ndimakamuona. Akamwalira, ndine ndimaimbira foni abale ake."

"Ehe. Inuyo mukadzafa, adzakakuikani kuti?"

Anayang'ana pansi. Anati sanaganizepo. Munthu wamkulu, wa tayi, osadziwa manda akwawo! Ndinatembenukira kwa mayi aja.

"Inu ankhoswe, awiriwa akadzayambana, ndidzakupezani kuti?"

Bennett anamasulira. A Joan anamwetulira, ati iwonso akusamuka mu Juni, kumene akupita sanawauze.

Apo ndiye ndinaphulika. "Mukundiseweretsa eti? Nkhoswe si yodzajambulitsa pa tsiku la ukwati ayi. Nkhoswe ndi munthu woti ndikamugogodere mwana wanga akandiimbira akulira. Inu nonse muli ndi zikwama m'manja. Palibe ukwati pano!"

"Mami!" anatero Margreth, misozi ili mbwe.

"Khala chete iwe."

Bennett sanatsutse. Anati ku Lilongwe anamva kuti nkhoswe ndi munthu wamkulu amene umamulemekeza, basi. Zoti azikhala malo amodzi palibe anamuuza. Anafunsa ngati alipo wina amene ndingamulole. Ndinati abale ake. Anati makolo anamwalira, mlongo wake ali pa sitima ya asilikali.

A Bwalya, aneba athu a ku Zambia oyendetsa basi, anali atatibwereka mipando ndipo sanachoke, ankangomvetsera pakhonde. Anasuzumira.

"Amai, nipaseni ine uyu mufana. Ine siniyenda kulikonse, nyumba ninagula. Akavuta, nizamutumila foni olo ali ku mwezi."

"Mukumudziwa?"

"Anankala ku Lusaka, ni mwana watu."

Bennett anadzuka pampando, anagwada pa matailosi ndi suti yake, nati, "Malume." A Bwalya anamulamula pomwepo kuti Lamlungu lililonse aziwaimbira, ndipo mawa abwere adzawathandize kudula kapinga, amuone ngati ndi munthu.

Anabwera, anadula mokhotakhota. Ndinalola ukwatiwo. Margreth apita naye Janyuwale, ati ku Tbilisi. Mtima sunatsikebe, koma ndamuuza andionetse pa mapu kuti ndi pati.