Lenzi la achimwene

Achimwene anga ndi munthu wabwino, koma akagwira kamera nzeru zimawathawa. Kamera yawo ndi yamakono, koma kutsogolo kwake amamangirirako lenzi lakalekale limene anagula kwa wogulitsa zakutha. Silitha kudzifunira lokha nkhope ya munthu ngati malenzi a masiku ano. Amachita kulipotokola ndi zala, lilime lili panja, ngati akutsegula botolo lolimba chitsekerero.

Anabwera kudzationa nditathawa kwa mwamuna wanga. Ndinkabisala ndi mwana wanga wamkazi m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ake, ndipo pa abale onse ndi achimwene okha amene ankakudziwa. Dzanja limene mwamuna wangayo anandithyola linali lisanapole.

"Amayi sakudya, akufuna aone nkhope ya mdzukulu wawo," anatero achimwene. "Kamodzi kokha, mlongo wanga."

"Nkhope yokha, achimwene. China chilichonse chisaoneke."

"Iwe, ntchito imeneyi ndinayamba usanamere mano."

Koma mwana wanga sakhazikika. Akuti apotokole lenzi, iye wathamangira kugeti. Akuti apotokolenso, wabwerera. Zithunzi zonse zinkatuluka mbuu. Atatopa, anachepetsa kabowo kolowera kuwala, mmene amachitira akafuna kuti chapafupi ndi chakutali zioneke bwino nthawi imodzi. Pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera ndinangoona mwana akuseka, mano akutsogolo mulibe. Ndinavomera. Anatumizira amayi pafoni, ndipo amayi, ndi chikondi chawo chosatha kusunga chinsinsi, anamwazira abale onse.

Mawa lake masana msuweni wanga ananditumizira chithunzicho, ataikapo timitima. Ndinachikulitsa ndi zala. Lenzi lija ndi ladyera, limameza ndi za m'mbali zomwe. Kuseri kwa phewa la mwana kunali geti lathu lobiriwira, thanki ya madzi, ndi chikwangwani cha wowotcherera zitsulo wa tsidya la msewu, dzina ndi nambala ya foni zikuwerengeka bwinobwino.

Ndinaimbira achimwene. "Auzeni afufute! Onse!"

"Mtima m'malo, mlongo. Ndani angataye nthawi ndi zikwangwani pali mwana wokongola chonchi?"

Ndinadula foni. Ine ndinkamudziwa amene angataye nthawi imeneyo, ndinagona naye nyumba imodzi.

Ndinayamba kulonga zovala ndi dzanja limodzi. Tsidya la msewu makina a wowotcherera uja anazima. Ndinamva akuyankhula ndi munthu, kenako akuseka, monga amasekera anthu onse akakumana ndi mwamuna wanga koyamba. Ndinaitana mwana. Zii. Ndinaitananso.

Analowa akudumphadumpha, atakumbatira chidole chatsopano chisanatuluke n'komwe m'pepala lake.

"Amama, adadi ali pageti! Akuti mutuluke mwakachetechete, tisasokoneze eni nyumba."