Ovolosi ya a Kakowa

Funso lomwe linkandipweteketsa mutu kuchipatala linali limodzi, ndipo ankalifunsa pa windo lililonse: "Odwalawa amagwira ntchito yanji?"

Amayi asanatsegule n'komwe pakamwa, bambo anali atayankha kale. "Awa? Sanagwirepo ntchito chibadwire. Ndinkawasamala ndine." Ankayankha akudziguguda pachifuwa, nthawi zina mpaka kucheuka kuti a pabenchi amve nawo. Kalaliki ankangolemba kuti mayi wapakhomo, n'kuitana wotsatira.

Tinayenda choncho miyezi isanu ndi inayi. Amayi anayamba ndi phuma pokwera masitepe atatu a pakhonde, kenako kubaya m'nthiti za kumanja, kenako madzi m'chifuwa. Makhololo anawayeza katatu osapeza kanthu, koma anawapatsabe mankhwala a TB, poti amene watsokomola n'kuonda ndiye kuti ndi TB basi. Anamwa miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa tsiku, mkodzo kufiira, chakudya kunyansa. Madzi aja anawapopa kawiri ndi singano yaitali, botolo ndi theka ulendo uliwonse, ndipo pakatha milungu itatu ankabwereranso ngati mlendo woiwala chipewa.

Ine ndine telala. Lachiwiri lililonse ndinkatseka shopu, kusiya madiresi a anthu ali mapinimapini, kukakhala pabenchi yachitsulo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Sindikudandaula, mako ndi mako. Chimene chinkandipsetsa mtima n'choti panalibe yemwe ankatiuza dzina la chomwe chinkawadya amayi. Ine ndinkangofuna dzinalo, kuti tileke kuwamwetsa mankhwala a matenda a eni.

Lachiwiri lina tinapeza dokotala watsopano, mayi wamfupi wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Ulusiwo ndinauona msanga, unali wosayenera, wakuda pa magalasi ofiira. Iye sanathamangire kulemba. Anaika zithunzi ziwiri za m'chifuwa pa windo n'kuziyang'ana nthawi yaitali mpaka bambo anayamba kugwedeza mwendo.

"Iyi si TB," anatero. "Mukuona mzere wokhuthalawu? Mapapo amakutidwa ndi kachikopa kopyapyala, ndipo apa kakhuthala. Pali khansa ina yomwe imagwira kachikopa kameneka, dzina lake mezoteliyoma. Sindikunena kuti ndi yomweyo, ndikungoikayikira."

"Mezo chani?" anafunsa bambo.

"Ndi yosowa, bambo. Pa anthu zikwi zana limodzi, pa chaka mwina imagwira mmodzi kapena awiri. Ine pa zaka khumi ndi ziwiri ndaona atatu okha. Koma mwa odwala khumi, pafupifupi asanu ndi atatu amakhala kuti anapumapo fumbi la asibesitosi kalekale, zaka makumi atatu, makumi anayi zapitazo. Mayi, munayamba mwagwirapo ntchito pamalo pomwe panali asibesitosi?"

Bambo anaseka. "Adokotala, mwaphonya munthu. Wa asibesitosi ndine. Zaka makumi awiri ndi zinayi pa fakitale ya malata, pa sowo penipeni podulira. Ndiyezeni ine, simupeza ngakhale chimfine. Awa sanapondepo phazi pa geti."

Ankanena zoona. Bambo ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndipo amapalasabe njinga kukwera chitunda osatsika. Dokotala anawapempha kuti akatenge chithunzi china chakale ku ofesi ya mafailo, ndipo atangotuluka anatembenukira kwa amayi.

"Nanga zovala zawo za kuntchito zinkabwera kunyumba?"

"Ayi," anayankha amayi msangamsanga. "Ankazisiya komweko."

Miyezi isanu ndi inayi osadziyankhira okha, tsiku loyamba kutsegula pakamwa n'kunena bodza. Nditati ndilankhule, anandinyogodola ntchafu ndi zala zawo zowonda zija mpaka misozi inalengeza. Dokotala anati kuti adziwe chenicheni payenera kudulidwa kanyama kakang'ono ku chipatala chachikulu, koma mzere wake ndi wautali. Kalata ikanena kuti wodwala anapumapo fumbi lija, amamuona msanga. Ikapanda kutero, tidikire miyezi itatu kapena inayi. Anatiuza kuti tibwerenso Lachiwiri kudzatenga kalatayo.

Miyezi inayi! Munthu amene ankaima kawiri kuti apumule kuchoka pabedi kufika kubafa.

M'basi ndinkangoona Loweruka la ubwana wanga. Kufakitale kuja anzawo a bambo ankakoleka maovolosi awo pamsomali, miyezi osachapa, mpaka kuuma gwa ngati chikopa. Bambo okha ankapinda yawo n'kuimanga pa kaliyala ya njinga. Lolemba m'mawa ankalowa pa geti atayera mbee, n'chifukwa chake anawapatsa dzina loti a Kakowa, ndipo mpaka lero ukawaitana choncho amawongola msana.

Kuyerako kunali ndi njira yake. Ovolosi ya fumbi limenelo ukaiviika m'madzi momwemo, fumbi limasanduka phala la simenti n'kulowerera m'nsalu, ndipo imatuwa mpaka kalekale. Ndiye amayi ankayamba aikoleka pa chingwe kuseri kwa nyumba n'kuikuntha ndi mtengo wa tsache ili youma. Ankatembenuza matumba, kupetula mipendero ya m'miyendo, kukunthanso. Fumbi linkati koboo, kuwayeretsa tsitsi ndi nsidze. Ine ntchito yanga inali kugwira miyendo ya ovolosi kuti isamazungulire pa chingwe, ndipo ndinkasangalala nayo kwambiri poti ndinkatuluka m'menemo nditayera ngati agogo.

Titafika kunyumba, bambo anapita kukapopa njinga. Ine ndinatseka chitseko cha kuchipinda.

"Amayi, mwachitiranji zimene zija?"

"Tandikwezera pilo."

Ndinakweza pilo. "Ndikufunsa, mwanamiranji?"

"Bambo ako amawerenga pepala lililonse lochokera kuchipatala, ngakhale lokulungira mapilisi. Ukufuna awerenge kuti chandipha ndi ovolosi yawo?"

"Simunafe, amayi."

"Iwe mwana, ukufuna kuika maliro awiri? Munthu uja alibe galimoto, alibe nyumba ya pamwamba. Chomwe ali nacho n'choti mkazi wake sanavutikepo ndiponso ovolosi yake inkayera. Umulande zonse ziwiri tsiku limodzi?"

"Nanga inuyo? Mudikire miyezi inayi chifukwa cha kunyada kwa munthu?"

"Dzinalo likandichiritsa?"

Dokotala sananene kuti likawachiritsa. Anangoti akadziwa angathe kuletsa madzi kubwerabwera, kuchepetsa ululu, mwina kuwonjezera masiku. Ndinawauza zimenezo, koma kunali kulasa mtengo. Anatembenukira kukhoma n'kundiuza kuti ndikatsegula pakamwa ndisadzawatchulenso amayi.

Mlungu umenewo ndinasoka zokhotakhota. Kolala imodzi ndinaiphwasula katatu, mwini wake mpaka anafunsa ngati ndayamba kumwa. Ndinkakwiyira aliyense: makalaliki omwe sanafunse kawiri, madokotala a TB aja, eni fakitale omwe anatseka geti zaka makumi atatu zapitazo n'kupita kwawo ali ndi mapapo abwinobwino. Ndinkakwiyiranso mawu aja oti yosowa. Yosowa bwanji, poti inadutsa anthu zikwi zana limodzi n'kudzapeza amayi anga kuseri kwa nyumba? Ndipo ndinakumbukira kuti mumzere wa nyumba za kampani momwe tinkakhala, bambo wa pa nambala sikisi ndi wina woyendetsa ngolo ya malata anapita ndi "chifuwa", onse atamwa mankhwala a TB mpaka kumapeto. Amenewo anawawerenga ndani?

Lamlungu masana ndinapita ndi zipatso. Ndinapeza amayi atakhala pampando pakhonde, bambo ali mkati kusuntha zinthu. Posakhalitsa anatuluka atanyamula kanthu koyera kopindidwa bwinobwino, kakununkha mankhwala a njenjete. Inali ovolosi yawo yomaliza, yomwe anaisunga pansi pa sutikesi chitsekereni fakitale.

"Ndikufuna Lachiwiri ndikamuonetse dokotala wako wa magalasi othyoka uja," anatero. "Akuti fumbi, fumbi. Aone yekha mmene ine ndinkavalira. Anzanga aja inde, ankakhala m'fumbi ngati nkhuku. Koma ine?"

Anaitambasula n'kuikutumula kamodzi, pamaso pa amayi penipeni.

"Musakutumule!" Ndinakuwa mpaka galu wa aneba anauwa.

"Wapenga? Muli chiyani m'menemu? Taona kuyera. Pa ine fumbi silinkagona."

Ndinamva maso a amayi pa ine. Ndinayesa kumeza, Mulungu ndi mboni, koma madzi anali atafika m'khosi.

"Silinkagona pa inu, inde. Nanga linkapita kuti, bambo?"

"Ukuti chiyani?"

"Loweruka munkabwera nalo lodzaza matumba. Lolemba munkapita mulibe. Zaka makumi awiri ndi zinayi. Mukuganiza kuti linkapita kuti?"

Bambo anayang'ana ovolosi, anayang'ana amayi. Kenako anayang'ana kumbali kwa nyumba komwe kumadutsa chingwe choyanikira, ngakhale si nyumba ija ndipo si chingwe chija.

"Musamumvere uyu," anatero amayi. "Watopa ndi mashini ake. Ine ndinkafunda mpango kukamwa."

"Simunkafunda," anatero bambo motsitsa. "Ndinkakuonani pa windo ndikumwa tiyi."

Anapinda ovolosi ija mofatsa, mkono pa mkono monga ankachitira amayi, n'kulowa nayo m'nyumba. Sanatulukenso. Amayi anandiuza kuti nditenge zipatso zanga ndizipita. Ndinapita ndikulira mumsewu ngati kamwana, anthu akundiyang'ana, ndipo sindinkadziwa ngati ndathandiza kapena ndaphwanya nyumba ya makolo anga.

Lolemba sindinapondeko. Aneba anandiuza pa foni kuti njinga sinatuluke tsiku lonse, chinthu chomwe sichinachitikepo ngakhale tsiku la mvula.

Lachiwiri ndinawapeza ali kale pa siteji ya basi. Amayi sanandiyankhe moni. Bambo anali atavala jekete la kutchalitchi koma ndevu zosameta, ndipo anakalamba zaka khumi pa masiku awiri. M'manja munali jumbo yomangidwa mfundo ziwiri, yokutidwanso ndi jumbo ina. Sindinafunse za mkatimo.

Pa windo loyamba panali kalaliki wina watsopano. Anatsegula failo, osadzutsa n'komwe mutu.

"Odwalawa amagwira ntchito yanji?"

Ndinatseka maso. Bambo anakonza pakhosi.

"Fufutani zomwe munalembazo," anatero. "Lembani kuti anagwira ya asibesitosi, zaka makumi awiri ndi zinayi, Loweruka lililonse."

"Kampani yanji?"

"Ya ine. Ndinawalemba ndine. Ife kufakitale chaka chomaliza anatipatsako zophimba kumphuno. Awa sindinawapatse kanthu."

Kalaliki anadzutsa mutu. Ulendo uno bambo sanacheuke kuti aone ngati a pabenchi akumva. Amayi anagwira mkono wa jekete lawo n'kunena kuti, "Basi, a Kakowa, zakwana." Chibadwire sindinawamvepo akuwatchula dzina limenelo.

Kwa dokotala bambo anafotokoza zonse okha, za chingwe, za mtengo wa tsache, za matumba. Jumbo ija anaiika patebulo, dokotala n'kuwauza kuti asaimasule. Anang'amba kalata yomwe anali atalemba kale n'kuyamba ina, ndipo pamwamba pake anadinda chidindo chofiira. Anati tipite ku chipatala chachikulu chija Lachisanu lomwelo. Ndinamva thupi kupepuka koyamba pa miyezi isanu ndi inayi, ngakhale ndinkadziwa kuti kalata yofulumira si kalata yabwino.

Ndinadzutsa amayi n'kukoleka chikwama chawo paphewa langa. Titafika pachitseko ndinaona kuti bambo sanaimirire. Anali chikhalire, manja pa mawondo.

"Adokotala," anatero, "munati zimatenga zaka zingati kuti zioneke?"

"Makumi atatu, makumi anayi, nthawi zina kuposa. Koma si onse amene anapuma omwe amadwala, bambo. Ambiri sadwala."

Bambo anagwedeza mutu. Kenako anandiloza ndi chala, osandiyang'ana.

"Mutsegulirenso failo uyu. Ankagwira miyendo ya ovolosi."