Ntim Alambula Munda wa Amalume

Ntim anatsika minibasi ku Sefwi kutada kale, nsapato zake za m'tauni zikumira m'matope. Munda wa koko wa amalume ake, a Gyamfi, anali asanaupondepo. Koma poti anali mwana wa mlongo wawo, mundawo unkayenera kudzakhala wake, bola aonetse kuti ndi mlimi.

"Manja osalalawa, mphwanga, ntchito yake ndi fufu basi?" anatero a Gyamfi akudya fufuyo, nsima ya chinangwa ya kumeneko.

"Muona mawa, amalume."

Ntim ankakumbukira mmene amalumewo ankadzitamira akabwera kudzawaona kutauni ku Kumasi kalekale, kuti nkhalango yonse anaigwetsa okha, ndipo mlimi weniweni sasiya mtengo m'munda. Choncho kutangoyera anatenga chikwanje. Pakati pa koko panali timitengo tolekeza m'chiuno, kalikonse kali ndi chikhomo chomangidwa kansanza kofiira pambali. Anatikhapa tonse. Zikhomozo anazisiya, poti zinkaoneka zofunika.

A Gyamfi atafika n'kuona zimenezi, anangokhala pansi.

"Mayo, mthunzi wanga! Zaka zitatu ndikuthirira timitengoti! Sukuona koko akupsa ndi dzuwa, chitsiru iwe?"

"Si munkati mtengo ndi mdani, amalume?"

"Nthawi imeneyo nkhalango inalipo! Ndinali chitsiru, inde, koma chitsiru chokhala pamthunzi!"

Ntim anayesa kuzika katengo kamodzi m'dothi. Kanagwa.

Minibasi yoyamba kudutsa inamupeza Ntim pamsewu, nsapato zili m'manja. Kumbuyo amalume ankakuwa kuti mundawo aupereka kwa mchemwali wake wa Ntim, Obenewaa, amene chibadwire sanagwirepo chikwanje.