Nsonga za Paini wa Tinenenji

Kunali m'mawa, dzuwa lisanatenthe, mvula ya dzulo itasiya matope m'misewu ya m'komboni ya Matero, pamene a Obed anamva geti likulira. Anadziwa kuti ndi a Magdalene, mtsogoleri wa amayi a kutchalitchi, chifukwa a Nkole a kumunsi kwa msewu anali atamwalira.

A Obed anali ataima pansi pa paini amene malemu mkazi wawo, Tinenenji, anabzala. Mumzere wonse wa nyumba za kumeneko munalibe mtengo wina wotero. Tinenenji ankadulako nthambi zolukira nkhata za pamanda, ndipo atamwalira amayi anzake anapitiriza kubwera. Koma iwo ankasankha nsonga zanthete, zosavuta kupinda. Chaka chino mtengowo unayamba kufiira, masamba ake onga singano akuyoyoka.

Kuwaletsa kunali kovuta. Amayi omwewa ndi amene anasambitsa thupi la Tinenenji, nagona pansi m'nyumbamo mpaka tsiku loika.

"Mwauka bwanji, ba ticha? Tabwera kushopu yathu," anatero a Magdalene, akutulutsa sizasi m'thumba.

"Nauka bwino, ba Magdalene. Nifuna kupemphako chinthu."

"Mukamba monga munthu ofuna kukwatira. Kambani timve."

A Obed anakoka nthambi imodzi, nawaonetsa pamene panadulidwa pa maliro apitawo. Utomoni unali utauma pabalapo. Anaphunzitsa sayansi kusekondale mpaka kupuma, koma mawu anawavuta ngati tsiku loyamba m'kalasi.

"Mtengo upanga shuga mu masamba, kuchokera ku mpweya, madzi na dzuwa," anatero. "Pomanga kansonga aka, shuga uja ndiye njerwa, ndiyenso chakudya cha omanga. Wina usanduka mtengo, wina ungopsa kuti nchito iyende. Utomoni uwu umene umamatira ku vala vanu ndiye udya shuga maningi. Manje kansonga kakalibe kubweza chilichonse, kadulidwa. Mtengo uyambanso, kutapa mu nkhokwe. Nkhokwe yasala pang'ono kusila."

"Ndiye kuti ise ndise mvula ija yosefukira ya ku Kanyama, tigwetsa nyumba ikalibe na malata."

"Sininakambe choncho."

"Mwakamba, koma mwa ulemu."

A Magdalene anayang'ana kumwamba kwa mtengowo nthawi yaitali. Kenako anafunsa, mawu atatsika, "Nanga ba Nkole tibaike opanda nkhata?"

A Obed anali ataliganizira funsolo kale. Anatenga sizasi kwa a Magdalene, nadula nthambi zakale za m'munsi, zimene dzuwa silinkazifika ndipo sizinkathandiza mtengo kwenikweni. Zinali zolimba, zosakongola. Anaonjezapo maluwa ofiira a pampanda, minga ikuwabaya m'manja.

A Magdalene anapinda nthambi ina kuti aiyese. Inalimba, koma inalola.

"Izavuta kuluka," anatero. "Koma ba Nkole nabo benze ovuta, vizagwirizana." Anamanga mtolowo ndi chingwe, nabwezera sizasi m'thumba. "Imwe ba ticha, chaka chonse muli zii, mtengo ukufa? Ba Tine sembe banatipitikisa kudala na chipyango chosesera."

"Munanichitira vambiri. Ninachita manyazi."

"Tinasambika mnzathu, sitinagule mtengo."

A Magdalene anafika pageti, nabwerera. Anaika sizasi ija m'manja mwa a Obed.

"Sungani imwe. Nizabauza bamayi pa maliro. Palibe azagwira nsonga mpaka mutiitane mweka."

A Obed anali ndi zambiri zonena, koma anangoti, "Zikomo."

"Zikomo yanu mubwere nayo kumanda. Bazibambo ni ochepa."

Geti linaliranso. A Obed anayang'ana pamwamba, pamene nsonga zingapo zanthete zinali zitatsala poti mkono sunkafikapo. Anakoleka sizasi pamsomali wa pakhonde, natenga tsache, nayamba kusesa masamba amene mvula inagwetsa.