Phulusa la a Howard

Zaka zitatu ndinkawasambitsa a Howard, nkhalamba ya ku Mangalande, m'nyumba yosamalira okalamba ku Hamilton, pafupi ndi Toronto, kutali ndi dziko lakwawo. Zaka zonsezo makutu anga sanapume ndi nkhani za mudzi wawo wa Elmswick. Ndinafika poudziwa kuposa Toronto: tchalitchi chamiyala cha zaka mazana asanu ndi awiri, belu lake long'aluka, chitsime cha pamphambano, buku la parishi lodzaza ndi mayina a makolo awo. Kuseri kwa tchalitchicho kunali chimtengo chimene pansi pake panagona bambo awo ndi agogo awo.

"Vainess, ndikadzafa akandiike pamenepo," ankatero ndikamawapesa. Anamuuzanso mwana wawo Hilda, ine ndili pomwepo.

Anamwalira Lachiwiri lina mu Febuluwale 1996. Lachisanu ndinamanga chitenje pamwamba pa jasi n'kukwera basi ya ku Mississauga, kwa Hilda, kukakhuza maliro. Palibe anandiitana, koma kwathu ku Ntcheu pamaliro sitidikira kuitanidwa. Ndinavula nsapato pakhomo, n'kukhala pansi pa kapeti, n'kuyamba kulira mokweza. Hilda anandiyang'ana ngati ndabwera kudzaba. M'nyumba monse munalibe wina wolira, wailesi ikungoimba.

"Thupi linyamuka liti?" ndinafunsa.

Analoza kabokosi pamwamba pa filiji. Anali atawatentha dzulo lake. Phulusalo, akuti, akalimwaza m'nyanja kunja kukafunda.

Mtima unandiwira. "Mayi Hilda, bambo anu anakuuzani pamaso panga! Mtengo uja, tchalitchi chija!"

"Anachokako ali mnyamata," anatero. "Kulibenso amene akuwadziwa. Ine sindinapondeko n'komwe."

Ndinalankhula zambiri, zina sindingazibwereze. Munthu wakubala, wakulera, wakupempha chinthu chimodzi chokha, iwe n'kumukhazika pa filiji pambali pa buledi! Hilda anandipatsa nsapato zanga n'kutsegula chitseko.

Ndinafika kunyumba ukali usanathe. Mwana wanga Mirriam, wa zaka khumi ndi zitatu, wobadwira konkuno, anali pa TV. Ndinaithimitsa.

"Iwe, ine ndikadzafa udzandiika kuti?"

"Mum, I was watching that."

"Yankha! Mudzi wathu dzina lake n'chiyani?"

Anaganiza, anaganizadi mwana wanga, mpaka kukwinya nkhope. Kenako, ndi mawu otsika ngati akuyankha mayeso kusukulu, anati:

"Malawi?"