Mdala wa Pamlatho

Basi inali itadutsa kale midzi isanu, koma dalaivala, amene anzake ankamutcha Maulendo, anali asanatseke pakamwa. Ankauza mayi wa pampando wakutsogolo kuti iye anayamba ndi kutsuka matayala, koma lero palibe msewu umene sumudziwa. Malire a mayiko anawadumpha ngati mizere ya m'munda, ndipo kulikonse anasiyako anthu omulira.

"Nanga kunyumba amakulirani ndani?" anafunsa kondakitala, mayi wa pakamwa pakuthwa, akung'amba tikiti. "Ketulo ija?"

Anthu anaseka. Maulendo anaseka nawo, ngakhale kuti m'chipinda chake cha kuseri kwa depoti munalidi bedi, ketulo ndi kapu imodzi basi.

"Dikirani pamlatho muone," anatero. "Kuli mdala wanga. Zaka zisanu ndi zinayi, mvula kaya dzuwa, amandiimirira ngati ndine nduna."

Apa sananame. Basi ikamatsetserekera kumlatho, popita ndi pobwerera pomwe, iye ankaliza hutala katatu, ndipo mkulu wina wa chipewa chakuda ankadzuka pakampando kake m'mbali mwa msewu n'kukweza dzanja. Anali asanalankhulanepo, poti pamenepo sipanali siteji.

Tsikuli analiza katatu. Kampando kanalipo, chipewa chili pansi, munthu palibe.

Anapitirira pang'ono, kenaka anaponda mabuleki. Kondakitala anamukumbutsa kuti ali kale ndi kalata yochenjeza, ndipo woyang'anira akamva kuti waimanso posayenera, makiyi akawasiya patebulo. "Chifundo chinapha nkhwali, achimwene," anatero motsitsa mawu. Okwera anayamba kudandaula za msika ndi maofesi otseka msanga. Maulendo anatsika.

Anamupeza mkuluyo atagwa kuseri kwa kanyumba kake, mwendo utatupa, milomo itauma gwa. Anaitana kawiri, koma pabwalo sipanatuluke ngakhale galu. Anamunyamula, n'kukamugoneka pamipando iwiri yakutsogolo. Mpaka mumzinda sanatchulenso dziko lililonse, ndipo basi anakaiimika pageti la chipatala.

Akudikira namwino, Maulendo anayesa nthabwala. "Bambo, lero mwandichititsa manyazi. Ndinali nditakutamani kuti simuphonya kundipatsa moni."

Mkuluyo anamuyang'anitsitsa.

"Ndinu oyendetsa? Pepani, mwanawe, nkhope yanu sindinaionepo. Ine ndimayang'ana m'mawindo. Mwana wanga wamkazi anachoka pabasi yomweyi. Ndimakweza dzanja kuti akakhalamo andione, atsike."

Maulendo, mwini misewu yonse, anasowa kolowera. Anangoyang'ana nsapato zake.

Namwino anafika ndi pepala, nafunsa wachibale woti aziimbiridwa foni zinthu zikasintha. Mkuluyo anatembenukira kukhoma. M'thumba la Maulendo foni inkalira, anali woyang'anira. Anaisiya ilire mpaka itatopa.

"Lembani nambala yanga," anatero.

"Ndinu ndani wawo?"

"Wodutsa. Koma lembani."

M'mawa mwake anasiya makiyi patebulo la woyang'anira, amene anamuuza kuti akapume masabata awiri opanda ntchito. Anabwerera kuchipinda, anawiritsa madzi, n'kuyenda wapansi kupita kuchipatala, ketulo kudzanja limodzi, kapu yake imodzi ija m'thumba la jekete.