Ng'ombe Yosabzikula

Foniyo anabwera nayo ndi Lorna mwezi wa Okutobala, udzu wa ng'ombe utamangidwa kale m'mabelo, mphepo yozizira itayamba kuluma makutu. Orest Bilak sanaipemphe. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi, mkazi wake anali atagona kumanda zaka zitatu, ndipo pafamupo panatsala iyeyo ndi ng'ombe makumi awiri ndi zitatu. Lorna, mwana wake yekhayo, ankagwira ntchito m'tauni ya Yorkton.

"Musayambe kundikalipira, bambo, si yodula," anatero Lorna akuichotsa m'kabokosi. "Komanso si zotchipa zija zofa mwezi umodzi. Ndi yapakatikati."

"Ndiye imanama pang'onopang'ono," anayankha Orest.

Mkamwini wake, mwamuna wa Lorna, anakwera makwerero n'kukhomera kamera pamtanda wa m'khola loberekera, kuti nkhalambayo izitha kuona ng'ombe pafoni ili khale m'nyumba. Orest anangoyang'ana. Ankadziwa kuti ana a masiku ano akafuna kuchepetsa maulendo odzakuona, amayamba akugulira chinthu.

Mwezi woyamba foniyo inakhala m'dirowa pamodzi ndi misomali. Lorna atalira pa lamya yakale ya m'nyumba, anaitulutsa. Sinam'konde, nayenso sanaikonde. Chala chake chachikulu chinali chong'aluka ndi chisanu, ndiye foniyo inkachikana ngati cha mbala. Inkajambula yokha mdima wa m'thumba. Anthu osawadziwa ankaimba kunena kuti wapambana ulendo wa panyanja, iye n'kuwauza kumene angapite ndi nyanja yawoyo. Mu Januwale anaphunzira kuti akaiika m'thumba lakunja batire limafa asanamalize kudyetsa ng'ombe, choncho anayamba kuisunga m'kati, pachifuwa. Tsiku lina inagwa pasimenti n'kung'aluka pangodya, koma inapitiriza kugwira ntchito. Apo anailemekeza pang'ono.

Ng'ombe zitayamba kuswa mu Febuluwale, ankayang'ana pafoni, kenako n'kuvala jekete ndi nsapato kupita kukaona yekha. Nthawi zonse ankapeza zomwe foni yanena. Ikaonetsa ng'ombe itaima ikudya, ankaipeza ikudyadi. Zimenezi zinkamunyansa, chifukwa ankafunitsitsa kuigwira bodza. Koma bondo lake lamanzere linkatupa, ndipo njira ya kukhola inali yoterera. Pofika Malichi anali atayamba kungoyang'ana pagalasipo, kupukusa mutu, n'kukhalanso pansi.

Panatsala msoti umodzi wofiira, wa nkhope yoyera, wa bere loyamba. Unali wa chiuno chopapatiza ndipo munthu wanzeru akanaugulitsa kale. Orest anausunga chifukwa unachokera ku mtundu wa ng'ombe imene mkazi wake anabwera nayo kuchokera kwa makolo ake, ndipo mwa mtundu umenewo unatsala wokhawo. Koma lamulo la pafamu silidziwa maliro a munthu. Msoti wopanda mwana woyamwitsa umapita kumsika nyengo yachisanu isanafike, chifukwa palibe amene amadyetsa ng'ombe yopanda kanthu miyezi isanu ndi umodzi ya chipale chofewa.

Sabata lomwelo Metro Hawrysh anamwalira. Orest anakhala naye pabenchi limodzi kusukulu mpaka onse awiri anasiyira kalasi lachisanu ndi chimodzi. Maliro anali Lachitatu m'mawa, kutchalitchi cha makilomita makumi anayi kuchokera pafamupo.

M'mawa wa tsikulo anapeza msotiwo mawere atadzaza gwa, mchira ukukwezedwa pafupipafupi. Bambo ake anamuphunzitsa kuti msoti wa bere loyamba sausiya wokha ngakhale nyumba ikupsa. Koma kusapita kukaika Metro, anthu akanakunena mpaka iwe utaikidwa. Anaima pakhomo la khola nthawi yaitali, tayi ili m'manja. Kenako anagwira pachifuwa pamene panali foni, n'kukakwera galimoto.

M'tchalitchi, wansembe akufukiza lubani, anaitulutsa mobisa pakati pa mawondo. Msoti unali utagona phee pa udzu, mutu uli m'mwamba. Kumanda, akuponya dothi lowuma ndi chisanu pabokosi, anayang'ananso. Unali chigonere, wopanda vuto. Mtima unakhala pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anamulira Metro.

Kuholo amayi a tchalitchi anayala masangweji a mazira, masoseji ndi khofi. Orest anakhala pafupi ndi Wendell Unrau, mnansi wake wa famu ya kumpoto, munthu wosatha kukhala chete ngakhale pamaliro.

"Ndimayesa ndikuona mzukwa," anatero Wendell. "Iwe kusiya msoti uja? Kapena wabwera kudzayeza malo ako kumandaku?"

"Malo anga ndi patali ndi ako. Ndikufuna kudzagona m'tulo."

"Nanga ng'ombe wasiyira ndani, mdala?"

Orest anapukuta chala pa thalauza, n'kutsegula foni. Sanafune kudzitama, koma anaikankhira kwa mnzakeyo patebulo. "Ndi iyo. Chigonere kuyambira m'mawa."

Wendell anavala magalasi. Anayamba akumwetulira, akunena kuti dziko latha ngati Orest Bilak akuweta ng'ombe pa wailesi ya kanema. Kenako kumwetulirako kunazima.

"Iwe, ng'ombe yakoyi sibzikula?"

"Yapuma."

"Taona nthunzi ya m'mphuno mwakeyi. Yangoima m'malere. Ndi liti unaona mpweya wa ng'ombe utaima?" Analoza ndi chikhadabo timanambala tating'ono pangodya yong'alukayo. "Apa akuti naini koloko itangopitirira. Pano ndi hafu pasiti wani, m'bale wanga. Chithunzichi chinauma kalekale."

Orest sanatsanzike mkazi wa malemu. Chipewa chake chinatsala pampando.

Msewu unali ndi chipale chosungunuka, ndipo galimoto inkavina. Sanapemphere. Ankangowerenga maola, anayi ndi theka, n'kuyambiranso, ngati kuti akawerenga bwino achepa.

Anaumva msotiwo asanatsegule chitseko. Unali utagona cham'mbali kukona imene kamera sinkaonako bwino, maso atatuzuka, udzu wonse utapalasidwa. Kumbuyo kunatuluka tiziboda tiwiri toyang'ana kumwamba. Mwanayo ankabwera chammbuyo. Orest anavula jekete la kumaliro, n'kupinda malaya oyera mpaka m'mapewa. Anamanga matcheni m'miyendo ya mwanayo, anaponda pamtengo ndi mwendo wabwinowo, n'kumakoka nthawi iliyonse msoti ukakankha. "Tiye mayi, tiye," ankatero. "Ndabwera. Ndachedwa koma ndabwera." Chiuno chitadutsa, thupi lonse linatsetsereka kamodzi n'kumugwetsa chagada.

Linali thole lamphongo, lalikulu, lofiira, la nkhope yoyera. Anachotsa zoterera m'kamwa mwake, analilowetsa kaudzu m'mphuno kuti liyetsemule, analitikita nthiti ndi thumba mpaka manja ake anachita dzanzi. Lilime linali litada kale.

Patapita kanthawi msoti unadzuka monjenjemera. Unatembenuka n'kuyamba kunyambita mwana wakufayo, ukulira chapansipansi monga ng'ombe zimachitira zikamaitana ana awo. Orest anakhala pa ndowa yovundikira. M'maganizo mwake ankaona kale lole ya kumsika ikubwerera chammbuyo pageti.

Anapisa dzanja pachifuwa. Foni inakana chala chamagazicho kawiri. Anachipukuta pa tayi, ndipo kachitatu inatseguka.

"Wendell. Lafa."

"Mayi wake?"

"Waima. Akunyambita."

Pafonipo pankamveka injini ya galimoto ya Wendell. "Ndili kale m'njira. Ng'ombe yanga yakuda ija inaswa mapasa Lolemba, ndipo limodzi ikulikana, tikulimwetsa m'botolo. Nola mpeni. Usamuchotsere mwanayo mpaka ndifike."

Wendell anafika akadali m'suti, kathole kakuda kali m'manja, miyendo ikulendewera. Anatsekera msoti kuseri kwa geti, n'kukokera lakufalo panja. Orest ndiye anasenda. Anadula mozungulira khosi ndi m'mawondo, n'kuvula chikopacho chathunthu ngati juzi, mchira uli pomwepo, chifukwa ng'ombe imayamba kununkhiza kumchira. Chikopacho anakaveka kathole kamoyoko, miyendo inayi m'mabowo anayi, n'kumanga pansi pa mimba ndi chingwe cha mabelo. Kathole kanaima kakunjenjemera, kakuda kumutu, kofiira kumsana.

"Kakuoneka ngati iwe m'suti ya ukwati wa Lorna," anatero Wendell, koma ananena motsitsa mawu.

Anatsegula geti. Msoti unathamangira pamene panagona mwana wake, unanunkhiza udzu, n'kulira. Kenako unaona kachilendoko. Unafwenthera, unatsitsa mutu, n'kukagunda mpaka kanagwa. Orest anafuna kulowa, koma Wendell anamugwira mkono.

"Dikira, mdala. Usaufulumize."

Kathole kanadzuka, poti njala sidziwa manyazi, n'kulunjikanso kumawere. Msoti unaponya mwendo kamodzi n'kuphonya. Unapinda khosi, unanunkhiza mchira wofiirawo nthawi yaitali, unanunkhiza mutu wakudawo, n'kubwereranso kumchira. Lilime linatuluka, linakhudza chikopacho kamodzi, kenako kawiri. Kunamveka kutsopa, ndipo thovu loyera linayamba kuoneka pakamwa pa kathole.

"Masiku atatu," ananong'ona Wendell. "Chikopachi chikayamba kununkha, mkaka wa mayiyu udzakhala utadutsa m'mimba mwa katholeka n'kukapatsa fungo la mayiyu, ndiye udzadule chingwe. Koma ungathe kukakananso madzulo ano. Pakufunika maso."

"Ndikhala pompano."

"Ndi bondo limenelo?"

Orest anakokera ndowa ija pafupi ndi geti, anatola jekete la kumaliro pa udzu n'kulikoleka m'mapewa. Msoti unali utasiya kulira. Unaima miyendo itatangadza pang'ono, maso atatsinzina theka, kathole kakugunda mawere ndi mutu.